Mphika wosavundukula: momwe ndinaphunzirira kuphika mpunga m'nsungwi ku Nagaland

Ndinakula ndikudziwa kuti wodziwa kuphika amaoneka ndi mkono. Phala likayamba kubwadamuka umagwira mthiko, kuthira ufa, kuvundula, kuthyakula, maso ali mumphika mpaka nsima itapsa. Ngakhale mpunga timauvundukula kawiri katatu, kutapa pang'ono n'kutswanya ndi zala kuti timve ngati wafewa, kenako n'kusanja makala pa chivundikiro. Nzeru zonsezi zinandithera tsiku limodzi mu Disembala 2019, m'mudzi wina wa m'boma la Mokokchung ku Nagaland, chigawo cha dziko la India. Anandipatsa mphika umene suvundukulidwa, sulowa mthiko, ndipo ukaphikamo kamodzi umauwaza n'kuusonkhezera pamoto.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira ku Shillong, kumpoto chakum'mawa kwa India, ndipo mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anali wa mtundu wa Ao, wa ku Nagaland. Tchuthi cha Khirisimasi chitafika ndinalibe ndalama ya ndege yobwerera kwathu, ndiye iye anangoti, "Longedza, tikupita kwa Oja." Oja ndi mmene Aao amaitanira mayi, ndipo pofika tsiku lachitatu nanenso ndinali nditazolowera kuwaitana choncho. Tinatsikira ku Guwahati, kukwera sitima mpaka ku Mariani m'chigawo cha Assam, kenako kupanikizana m'galimoto la Tata Sumo, lomwe kumeneko limagwira ntchito ya minibasi, n'kuyamba kukwera mapiri. Amene munakwerapo chitunda cha Chiweta kapena cha Golomoti, ganizirani makhotolo amenewo akupitirira maola angapo osatha.

Ambiri tikamva India timaganiza za ndiwo zothira kale (curry), chapati ndi ng'ombe zoyenda mumsewu. Ku Nagaland ndi dziko lina. Chigawochi chinakhazikitsidwa mu 1963, chili m'malire ndi Myanmar, likulu lake ndi Kohima, ndipo muli mitundu yambiri: Ao, Angami, Sumi, Lotha, Konyak ndi ina, uliwonse ndi chilankhulo chake, moti pamsika amamvana m'Chinagamese. Ambiri ndi Akhristu, makamaka a Baptist, ndipo Aao amanyadira kuti mpingo woyamba unayambira kwawo, ku Molungkimong, mu 1872, m'masiku a mmishonale wa ku America Edward Winter Clark. N'chifukwa chake Khirisimasi kumeneko si yamasewera. Usiku phiri lonse limafiira ndi nyenyezi zamagetsi zomangirira pamwamba pa nsungwi zitalizitali.

Nsungwi ndiye ili paliponse. Kwathu timaidziwa pa lichero, dengu, nkhokwe ndi mpanda. Iwo amamangira khoma, pansi pa nyumba, khonde lokwezeka loyanikira mpunga, mipope ya madzi, makapu, masupuni, ndipo mphukira zake amadya, zina zaziwisi zophika, zina zowawasa, zina zouma. Khitchini ya Oja inali ndi moto pakati, ndipo pamwamba pa motowo panalendewera nsanja ya nsungwi yakuda bii ndi mwaye, yodzaza nyama ya nkhumba yofutsa ndi utsi. Ndi pomwepo, titazungulira moto pa timipando tatifupi usiku wa pa 23, pamene ndinamva kuti mawa lake tiphika mpunga m'nsungwi. Ndinadzitama kuti kuphika ndikudziwa. Pakamwa padzandipha.

Ntchito inayamba usiku womwewo. Oja anatulutsa mpunga wina, wosiyana ndi umene tinkadya tsiku ndi tsiku. Mpunga wamba ukauyang'ana padzuwa umaoneka ngati ukuwala mkati, koma uwu unali woyera mbuu ngati choko. Ndi mpunga womata, umene ukapsa umagwirana n'kukhala mtanda umodzi woti ungathe kuunyema ndi dzanja. Kusukulu tinaphunzira chifukwa chake: sitachi ya mpunga ili mitundu iwiri, amylose ndi amylopectin. Amylose ndi amene amachititsa kuti mpunga ukapsa umwazike, njere iliyonse payokha, pamene mpunga womatawu amylose ulibe, kapena uli naye wochepa kwambiri. Pamapaketi amalemba kuti glutinous rice, koma mulibemo gluten wopezeka mu tirigu, dzinali limangonena za kumatako. Kumeneko uliko woyera, wofiira ngakhalenso wakuda, ndipo wa Oja unachokera m'munda wawo wa kuphiri, wa ulimi wa jhum, womwe amatema tchire, kuwotcha, kulima chaka chimodzi kapena ziwiri n'kusamukira pena kuti nthaka ipume.

Anautsuka kawiri basi, osaupikicha, n'kuunyika m'madzi ozizira mpaka m'mawa. Ndinafunsa ngati maola 2 sangakwane. Mnzanga anandimasulira yankho lawo: m'nsungwi simulowa madzi ambiri ngati mumphika, ndiye mpunga uyenera kumwa madzi ake usanalowemo. M'mawa anandionetsa poyesera. Ukatenga njere imodzi n'kuifinya pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, iyenera kuphwanyika n'kusanduka ufa. Ikakana, sinakhute. Ineyo tsopano sindichepetsa maola 8, ndipo ndikukulangizani kuti pamenepa musachite chidule, chifukwa mpunga wosanyikidwa bwino umapsa kunja kokha, pakati n'kutsala kamwala.

Kutacha tinatsikira kunkhalango ndi amalume a mnzangayo, omwe iye amawaitana kuti Oko. Ananyamula dao, chikwanje chawo chachifupi chotambalala kumapeto, chimene mwamuna wa kumeneko sasiyana nacho. Titafika pa tsinde la nsungwi anandiuza kuti ndisankhe. Ine, ndi maso a kwathu ofuna nsungwi yomangira nkhokwe, ndinaloza yaikulu, yokhwima, yachikasu. Oko anaigogoda ndi msana wa dao, inalira kuti ngo ngo ngati mtengo wouma. Anati imeneyo ndi ya nsanamira ya nyumba, mdzukulu wanga adzaipeza. Kenako anagogoda ina yobiriwira, yaing'onopo, inalira mosamveka bwino ngati mbiya ya madzi. Imeneyo ndi imene anadula.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti mpunga umapsa kapena kulephereka kunkhalango komweko, moto usanayatsidwe. Nsungwi yoyenera ndi yaiwisi, ya chaka chimodzi kapena kuposerapo pang'ono, yopyapyala khoma, yotalikirana mfundo. Ikhale yaiwisi chifukwa madzi a m'thupi mwake ndi amene amaiteteza kuti isayake mpunga usanapse, ndiponso ndi amene amapereka fungo. Yokhwima imang'aluka pamoto, madzi n'kutayikira m'phulusa. Yanthete kwambiri imafota n'kupindika. Khoma likakhala lochindikala, kutentha kumachedwa kulowa, ndiye kunja kumatha kupsa mkati musanawire. Ndipo pali chinthu china chimene sindinkachidziwa: mkati mwa nsungwi yaing'ono muli kachikopa koyera kopyapyala, konga kaja timakapeza mkati mwa chigoba cha dzira. Mpunga ukamapsa kachikopaka kamachoka pakhoma n'kuukulunga, moti umatuluka utavala kale. Nsungwi yokalamba kachikopako kamakhala katauma kapena kulibiretu.

Oko ankayang'ananso timabowo ta tizilombo tofukuta. Kabowo kamodzi kakang'ono ngati ka singano n'kokwanira kukhetsa madzi onse. Podula, ankadula pansi pang'ono pa mfundo iliyonse, kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mfundo imodzi yokha kunsi ngati tako la mphika, kumwamba kuli pululu. Kutalika kwake kunali ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala, masentimita 40 kapena 50, ndipo pakamwa pake pankalowa zala zitatu. Chenjerani ndi makoko a m'mfundo. Ali ndi tiubweya takuda toyabwa, osafika pa chitedze koma tokwanira kukusowetsani mtendere. Ine ndinanyamula mtolo paphewa popanda nsalu, ndipo khosi linandiyabwa mpaka madzulo.

Kunyumba sanazitsuke ndi sopo kapena kuzikwecha mkati. Anangothiramo madzi pang'ono, kukhutchumula n'kutaya. Ukakwecha wachotsa kachikopa kaja.

Aliyense anapatsidwa nsungwi yake kuti athiremo mpunga. Apa m'pamene ndinalakwitsa koyamba, ndipo chinandilakwitsa ndi mtima wa kumunda wofuna thumba lidzaze. Ndinathira mpunga mpaka kutsala pang'ono kufika pakamwa, ndikuutsendera ndi kamtengo ngati ndikulongedza chimanga cha ku Admarc. Mnzanga anafuna kundiletsa, koma agogo ake aamuna, Obu, omwe anakhala chapatali akusema supuni, anamuyankhula mawu awiri m'chilankhulo chawo, iye n'kukhala chete. Pambuyo pake anandiuza kuti anati, "Musiye, nsungwi imuuza yokha."

Oja ankachita mosiyana. Ankatapa mpunga wokhetsedwa madzi ndi dzanja n'kumaugwetsera pang'onopang'ono, kenako n'kugunditsa tako la nsungwi pansi kamodzi kapena kawiri mopepuka kuti pasakhale mphako. Sankatsendera. Ankasiya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu lopanda kanthu, n'kuthira madzi mpaka apitirire mpunga ndi zala ziwiri zopingasa. Poti mkati simuoneka, ankayeza ndi kamtengo kowonda ngati momwe timayezera mafuta a injini. Kenako ankatenga tsamba la nthochi, kuliwamba pamoto kuti lifewe lisang'ambike, kulipindapinda n'kutsekera pakamwa. Chotsekeracho chiyenera kugwira, koma osati kuthina mpaka nthunzi kusowa potulukira.

Ndinafunsa za mchere ndi mafuta. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zothira shuga mu nsima. Mulibe mchere, mulibe mafuta, mulibe anyezi. Ndi mpunga, madzi ndi nsungwi basi, mchere ukaupeza mu ndiwo.

Moto tinausonkha panja. Anazika mphanda ziwiri, n'kupingasa mtengo wauwisi pamwamba pake, kutalika ngati kufika m'mawondo. Nsungwi zonse 12 anazitsamiritsa pa mtengowo mondondozana, matako ali pansi, pakamwa pataloza kumwamba mopendekeka, moto uli m'munsi mwake motsatira mzere wonse. Kupendekekako kuli ndi chifukwa. Ukaimika chilili, kutentha kumangomenya kunsi. Ukagoneka kwambiri, madzi amatayika. Poyamba moto unali ndi malawi apakatikati kuti madzi awire, ndipo atangowira anaphwasula nkhuni zina n'kusiya makala. Tako la nsungwi ankalisunga patali pang'ono ndi pamene moto wakolera kwambiri, chifukwa mfundo ikabooka zonse zathera pomwepo.

Kuchokera apo ntchito ndi kutembenuza. Mphindi 5 kapena kuposerapo pang'ono, umagwira kumutu n'kupotoza pang'ono, ngati momwe timachitira ndi chimanga chootcha, kuti mbali zonse zilandire moto mofanana. Manja anga ankayabwa. Ndinkafuna kuchotsa tsamba ndione, ndinkafuna kulowetsa kamtengo ndivundule. Oja anandimenya kadzanja mwachikondi n'kuloza khutu lawo, kenako mphuno.

Ndiye ndinakhala pansi n'kumvetsera, ndipo zoona, nsungwi imalankhula. Imayamba ndi kutuluka thukuta, timadzi tikuchita thovu pamene padulidwa. Kenako mkati mumamveka kubwata, ndipo ukagwira kumutu umamva kunjenjemera m'zala. Pakapita nthawi thovu loyera limatulukira m'mbali mwa tsamba, kenako nthunzi yokhayokha. Kubwata kuja kumachepa, kumasanduka kulira kwapansipansi, mpaka zii. Fungo nalo limasintha. Poyamba limakhala la udzu wauwisi wotenthedwa, kenako la mpunga, ndipo pomaliza limabwera lina lokoma ngati la mondokwa wowotcha. Likafika limenelo, kunja kutada mbali zonse koma kosanyeka, mpunga wapsa. Tsiku limenelo zinatenga pafupifupi ola limodzi.

Yanga sinafike kumeneko. Patangotha mphindi 20, tsamba linafwamphuka n'kugwera m'phulusa, mpunga n'kuyamba kutuluka pakamwa ngati thobwa losefukira. Unatupa, unasowa kopita. Madzi amene ndinathira anali ochepa kale chifukwa malo ndinali nditadzaza mpunga, ndiye otsalawo anathawa ndi thovu. Titadzaitsegula, kunsi kunali kopserera, pakati phala, kumwamba njere zosapsa zolira m'mano. Nkhuku ndi zimene zinadya Khirisimasi.

Manyazi amapangitsa munthu kufuna kuoneka wothandiza. Nditaona kuti moto wa mbali ina ukuchepa, ndinatola zidutswa za nsungwi zotsala podula n'kuponyapo. Chimodzi chinali chotsekeka mbali zonse, mfundo uku mfundo uku. Sipanathe mphindi 3. Chinaphulika kuti phuu ngati mfuti, makala n'kumwazika bwalo lonse, galu n'kuthawira kunsi kwa khonde. Khala limodzi linaboola chitenje changa, lina linamugwera mwana wa Oko pa phazi, mwamwayi anali atavala nsapato. Bwalo linati zii. Kenako Obu, osasiya kusema supuni yawo, anati mlendo wathu watiyambitsira chaka chatsopano kusanafike, ndipo anthu anaseka mpaka misozi. Ine ndinaseka nawo, koma miyendo ikunjenjemera.

Izi musazitenge ngati nthabwala. Mpweya ndi madzi zotsekeredwa pakati pa mfundo ziwiri zikatentha zimafufuma mpaka kung'amba khoma, ndipo tizipatsi ta nsungwi n'takuthwa ngati lumo. Nsungwi iliyonse yopita pamoto ikhale yotseguka mbali imodzi, kapena muiwaze kaye. Ana akhale kumbuyo kwa mzere, osati kumene kwaloza pakamwa pa nsungwi, chifukwa ngakhale chotsekera cha tsamba chikathina kwambiri chimafwamphuka ndi madzi owira.

Zopsa bwino zija anaziphula n'kuziimika pakhoma kwa mphindi 15. Ndinkaona ngati akungodikira kuti zizizire, koma nthawi imeneyi mpunga umakhala ukumalizika ndi nthunzi yake n'kugwirana. Ukafulumira kutsegula umamatirira kukhoma n'kuphwasuka. Kenako Oko anatenga dao n'kuyamba kusema khungu lakuda lija, kuchokera kumutu kutsika, mpaka kutsala khoma loyera lopyapyala. Anachotsa tsamba, n'kung'amba khomalo timizere timizere, kulisenda ngati nthochi. Mkati munatuluka mpunga wautali wobulungira ngati munsi waung'ono, wosalala, wokutidwa ndi kachikopa kaja, nthunzi ikufuka. Oja anaudula mapisi ozungulira ndi kachingwe ka nsungwi yomweyo, poti mpeni umamatirira.

Kakomedwe kake n'kovuta kukafotokoza kwa munthu wozolowera mpunga wa mafuta ndi tomato. Umatafunika, umakoka pang'ono m'mano, uli ndi kutsekemera kwakutali, ndipo fungo la nsungwi ndi utsi limakhala kumapeto kwa lilime. Mapisi a kunsi, oyandikira mfundo, amakhala ndi nkhoko zofiirira, ndipo ana amalimbirana amenewo monga momwe ife tinkalimbirana nkhoko za nsima. Kachikopa kaja kamadyedwa, komanso kamathandiza kuti zala zisamatike.

Tinadyera nyama ya nkhumba yofutsa yophika ndi anishi, chakudya chimene Aao amadziwika nacho. Ndi masamba a koko amene amawasunga mpaka achite chikasu, kuwasinja, kuwaumba timikate n'kuwaumitsa pa nsanja ya pamoto mpaka ade. Msuzi wake ndi wakuda, wowawasira pang'ono, ndipo maonekedwe ake sakopa, koma ndinapempha kachiwiri. Pambali panali tomato wowotcha wosinjidwa ndi nsomba zouma ndi tsabola wawo, raja mircha. Ine mwana wa kambuzi ndinatapa mosaopa. Tsabola ameneyu, yemwe ku Assam amati bhut jolokia, analembedwa m'buku la Guinness mu 2007 kuti ndi wowawa kuposa onse padziko pa nthawiyo, ndipo kambuzi pamaso pake ndi mwana wa mkaka. Ndinalira, makutu anatseka, ndipo chimene chinandipulumutsa ndi mpunga wopanda mchere womwe uja. Mukamugwira musakhudze m'maso ngakhale mutasamba m'manja.

Wotsala tinadya m'mawa mwake ndi tiyi wopanda mkaka, utawambidwa pang'ono pa makala. Mkute wake ndi wokoma kuposa wa tsiku loyamba, ngakhale pamenepa mnzanga amatsutsa.

Obu anandifotokozera kuti kaphikidwe aka si ka paphwando pokha. Minda ya jhum imakhala kutali ndi mudzi, kutsika ndi kukwera mapiri, ndipo munthu wopita kumunda kapena kosaka sankavutika kusenza mphika. Ankanyamula mpunga ndi dao, mphika ankaupeza komweko uli chilili. Momwemonso amaphika nsomba, nyama ya nkhumba ndi ndiwo zamasamba, ngakhale kuwiritsa madzi a tiyi. Mpunga ukapsa n'kusiyidwa m'nsungwi yosatsegula, umayenda nawo ulendo osafuna kontena. Ndipo si Anaga okha. Anansi awo a ku Assam ali ndi sunga saul, womwe umatchuka pa chikondwerero cha Magh Bihu mu Januwale. Ku Thailand kuli khao lam wothira mkaka wa kokonati ndi shuga, ku Malaysia ndi Indonesia kuli lemang woyalira tsamba la nthochi mkati. Wa ku Thailand ndinadzaulawa pambuyo pake, ndi wokoma ngati keke, koma kwa ine kokonati amaphimba fungo la nsungwi, lomwe ndi chifukwa chonse chovutikira ndi utsi.

Pa 31 Disembala anandipatsanso mwayi. Ndinapita ndekha ndi Oko kukasankha, ndinagogoda, ndinamvetsera, ndipo yachitatu imene ndinaloza anavomera ndi mutu. Ndinathira mosatsendera, ndinayeza madzi ndi kamtengo, ndinakhala pa kampando manja nditawapanira m'mawondo kuti asachite zawo. Mbali imodzi inapsererako chifukwa ndinatengeka ndi nyimbo za achinyamata a kwaya amene ankadutsa, n'kuiwala kutembenuza. Koma unatuluka wathunthu, utavala kachikopa kake. Oja anadula pisi limodzi, kutafuna nthawi yaitali, n'kupereka lina kwa Obu. Sananene kanthu kwa ine, koma madzulo ake anandiyitana kuti ndiwathandize kupindira masamba, ntchito imene sankapatsa aliyense.

Nditabwerera kwathu ndinafuna kuonetsa abale, ndipo apa ndinakumana ndi mavuto awiri amene aliyense woyesa kuno adzakumana nawo. Loyamba ndi nsungwi. Yathu yachilengedwe, ya m'mapiri ndi m'madambo imene timalukira malichero, nthawi zambiri imakhala yodzaza mkati kapena ili ndi kabowo kakang'ono koti simungalowe mpunga wokwanira ngakhale mwana. Ndinadula zitatu ndisanavomereze. Imene inandithandiza ndi ija yobzalidwa, yaikulu, yachikasu ya mizere yobiriwira, yomwe imapezeka m'mabwalo a nyumba zina ndi m'mphepete mwa mitsinje. Ili ndi bowo lalikulu, koma khoma lake ndi lochindikalako, ndiye imafuna nthawi yotalikirapo, ola ndi theka kapena kuposa, pa moto wodekha. Kachikopa kake sikachoka bwino, choncho ndimapinda tsamba la nthochi lowamba n'kuliyala mkati ndisanathire mpunga, njira ya anthu a lemang. Chinthu chimodzi musayerekeze: nsungwi yogula kwa omanga kapena opanga mipando, yopakidwa vanishi kapena yothiridwa mankhwala a chiswe ndi tizilombo. Dulani nokha yaiwisi, ndipo muphikire tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Vuto lachiwiri ndi mpunga. Ndinayesa Kilombero wa ku Karonga, poganiza kuti fungo lake lithandiza. Fungo linalipo lokoma zedi, koma posenda nsungwi mpunga unangomwazika pa lichero, chifukwa si womata. Ngati mulibe wina, mutha kuphika ndithu, koma nyikani ola limodzi lokha, thirani mpaka theka la nsungwi basi popeza umatupa kwambiri, onjezerani madzi, ndipo yalani tsamba mkati kuti muutulutse bwino. Mudzadya mpunga wonunkhira nsungwi, koma si uja wa kwa Oja. Weniweniwo funani m'masitolo ogulitsa zakudya za ku China kapena Thailand, pa paketi palembedwe glutinous rice kapena sticky rice. Muyang'ane njere zake, zikhale zoyera ngati choko. Mpunga wa sushi si womwewo, ngakhale wogulitsa atakuuzani kuti umamata.

Ndipo musaphikire pa mbaula. Ndinayesapo, moto umangomenya tako, mfundo inabooka. Pamafunika moto wapansi, wautali, wa nkhuni zosanunkha. Za paini ndi bulugamu zimalowetsa fungo lawo, ndiye ndimakonda zitsononkho zosakaniza ndi nkhuni za mango.

Tsiku limene ndinapeza mpunga weniweni, paketi ya kilogalamu imodzi imene msuweni wanga anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg, ndinaphika nsungwi 4 kuseri kwa nyumba. Amayi anakhala pa mkeka akundiyang'ana ola lonse ndi theka, akufunsa kangapo ngati sindikuvundukula ndione, ndipo kawiri ndinawagwira akufuna kusolola tsamba. Nditasenda, anatenga pisi la kunsi la nkhoko, kulinunkhiza, kulidya ndi chambo chowamba ndi kambuzi pang'ono. Anatenganso lachiwiri. Kenako anatola timizere ta nsungwi tija, kutiyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti mphika wosafuna kukwecha ngati umenewu akanaudziwa kale sakanathera zikhadabo ndi mchenga kudambo. Anatisonkhezera pa mafuwa n'kuteleka madzi a nsima, poti kwa iwo tinali tisanadye.